Anandilanda Malo Chifukwa Amayi Anakandibalira Kwawo

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera kuti ndine munthu amene anagonja kukhoti. Ndinasumira akuluakulu amene anandichotsa pa maphunziro a ukatswiri wa opaleshoni, ndipo m'khotimo ndinatulukamo chimanjamanja. Anzanga ambiri mpaka lero amati ndinapusa, chifukwa njira yopambanira mlanduwo inalipo koma ndinaikana ndekha ndi pakamwa pangapa. Asiyeni anene. Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Ndikulemba kuti zimene zinandigwerazi zisadzakupezeni muli m'tulo monga zinandipezera ine.

Ndinakulira ku Livingstone. Bambo anga anachokera kum'mawa, kufupi ndi Chipata, kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo ine ndinafika m'tauniyi ndisanayambe n'kuyenda komwe. Sukulu ndinaphunzira konkuno, udokotala ndinakaphunzira ku Lusaka ndi thandizo la boma, ndipo boma lomwelo linandibweza kuno kuti ndidzagwire ntchito pachipatala. Reji yanga, chitupa chija amatenga Mzambia aliyense akakula, inkanena kuti ndinabadwira m'boma la Chipata. Bambo ndiwo anauza kalaliki choncho, ndipo sankanama mwadala. Kwa iwo, mwana amawerengedwa kumudzi kumene makolo ake ankakhala, basi.

Koma zoona zake zinali zina. Amayi anga kwawo ndi kutsidya kwa malire, ku Mchinji. Mudzi wa bambo ndi mudzi wa amayi inali yoyandikana moti tambala akalira kuno, uko ankamumva. Bambo anawatenga amayi chitengwa, ndipo mimba yanga itakula, amayi anachita zimene mkazi aliyense wa kwathu ankachita pa mwana woyamba: anabwerera kwa amayi awo kuti akachire kumeneko. Ndinabadwira m'nyumba ya agogo. Mchombo utagwa, anandibereka kumbuyo n'kubwerera nane kwa bambo. Inali nthawi ya Chitaganya, pamene Zambia ndi Malawi zinali pansi pa boma limodzi, ndipo panjira yapansi imene ija panalibe wofunsa chitupa. Masabata ochepa amenewo ndiwo okha amene ndinakhalapo ku Malawi moyo wanga wonse.

Pachipatala ndinkakonda ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, kuposa kwina kulikonse. Tinkalandira anthu ophwanyika pa ngozi za malole, ena ogundidwa ndi sitima, nthawi zina mlimi amene wakumana ndi njovu kumunda. Ndinkachita zimene ndikanatha, koma zazikulu tinkatumiza ku Lusaka, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo ena ankathera panjira. Zimenezi zinkandiwawa kwambiri. Manja ndinali nawo, sikudzitama ayi, anamwino ankanena okha. Chimene ndinkasowa chinali maphunziro a ukatswiri aja, ndipo ndinkawafuna ndi mtima wanga wonse.

Mnzanga wapamtima pachipatalapo anali dokotala mnzanga dzina lake Mwape, Mbemba. Ife akum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya. Timanyozana, timatukwanana, ndipo palibe amaloledwa kukwiya. Iye ankanditcha wodya mbewa, ine ndinkamufunsa ngati kwawo anyani akadalipo kapena anawamaliza. Bambo atamwalira, Mwape ndiye anatsogolera Abemba anzake pa maliro kunyumba kwathu ku Nottie Broadie. Anawaza nkhuni, ananyamula bokosi, anatipaka ufa kumaso monga mwambo umanenera. Titabwerako kumanda anakhala pamkeka pafupi ndi amayi n'kuyamba kuwaputa kuti aseke. Anawafunsa kuti mwana wonyansa ngati ine anakamutola kuti. Amayi, amene anali asanamwetulirepo chimwalirire cha bambo, anaseka mpaka misozi, n'kumufotokozera nkhani yonse ya kubadwa kwanga. Ine ndinali pomwepo, ndipo mumtima ndinamuthokoza Mwape chifukwa chowaseketsa.

Kuyambira pamenepo anayamba kunditcha Mumalawi. M'mawodi, pa tiyi, ngakhale ku fiyeta titavala zotseka kukamwa, linali dzina lomwelo. Ine m'malo moti ndimuletse, ndinkawonjezera moto. Ndinkadzitama kuti mchombo wanga uli ku Mchinji ndipo n'chifukwa chake ndine waulemu kuposa Abemba onse. Ili linali pakati pa zaka za m'ma 1990, pamene nkhani ya kumene makolo a munthu anabadwira inali pakamwa pa aliyense, ndipo akuluakulu andale ankafukulirana mibadwo m'manyuzipepala. Ndinkawerenga zimenezo n'kumaseka. Ndinkaona ngati ndi za anthu ofuna mipando, osati za ine wosoka mabala.

Chaka chimenecho tonse awiri tinafunsira maphunziro a opaleshoni. Tinakwera basi imodzi kupita ku Lusaka kukayankha mafunso, tinagona nyumba imodzi, tinafunsana mafunso okonzekera tili pamzere. Malo olipiridwa ndi boma anali awiri okha, ndipo anali a nzika za Zambia. Amodzi anapita kwa mayi wina wa ku Kitwe, enawo anandipatsa ine. Mwape anali woyamba pa odikirira, kutanthauza kuti wina akalephera kupita, malowo ndi ake. Uthenga utafika anandikumbatira pamaso pa anamwino onse n'kunena kuti mbewa zapambana. Mkazi wanga anayamba kulongedza. Amayi, amene tinkakhala nawo chimwalirire cha bambo, anauza amayi onse a chigwirizano kutchalitchi.

Pasanathe mwezi, mkulu wa chipatala anandiitana ku ofesi kwake. Anatseka chitseko, n'kundiuza kuti akuluakulu osankha aja amuimbira lamya. Wina anakadandaula kuti ine sindine nzika yeniyeni, ndipo malo anga awaimitsa n'kuwapereka kwa wotsatira. Ndinaseka, inu owerenga, ndinaseka ndithu, poganiza kuti ndi chimbuya chomwe chija chafika patali. Mkuluyo sanaseke. Anandifotokozera kuti lamulo la nthawiyo silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Wobadwira kunja ngati ine, amene dziko linalo likhoza kumuwerenga kuti ndi wake, ankayenera kulikana dzikolo molumbira akangokula. Akapanda kutero, unzika wa kuno unkatha kumuthawa iye osadziwa. Ine ndikanakana bwanji chinthu chimene sindinkadziwa n'komwe kuti ndili nacho?

Mwape ndinamupeza tsiku lomwelo masana mumsewu wa Mosi-oa-Tunya, akutuluka m'banki. Sanathawe, ndipo sanakane.

"Mbuya, osakalipa," anatero. "Sininaname olo pang'ono. Ni bamayi bako bamene banakamba. Naine nili na bana, nifuna kuyenda pasogolo."

"Unanyamula bokosi ya batate banga, iwe," ndinamuyankha. "Unanipaka unga kumenso."

"Iyo ni chimbuya. Iyi ni lamulo. Ni vinthu viwiri."

Ndikanamumenya pomwepo pakanapanda anthu ogulitsa ziboliboli amene anali atayamba kale kutiyang'ana. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi ukali woopsa. Ambiri anandilangiza kuti ndingokhala chete, ndikonze mapepala mwakachetechete, ndidzafunsirenso chaka chamawa. Ankati munthu wa boma sasumira boma. Ine ndinakana. Malowo ndinawapeza ndi mutu wanga, palibe anandigawira, ndipo sindikanalola kuti andilande ngati mmene amalandira mwana chimanga chokazinga. Ndinapeza loya, tinakasuma kukhoti lalikulu kuti akuluakulu aja andibwezere malo anga maphunziro asanapite patali.

Loya wanga anali bambo wochenjera, wodziwa makhoti. Atamva nkhani yonse anandiuza kuti tikapita ndi chilungamo chokhachokha, mlandu wathu ndi woterera. Kenako anatsitsa mawu.

"Ba dokota, nkhani ni yosavuta. Kulibe setifiketi, kulibe pepa iliyonse ya kuchipatala. Reji yanu ikamba Chipata. Uja mnzanu ali na nkhani chabe ya pamalilo. Bamayi bakambe ati munabadwila ku saidi ino, ati paja benze kuseka chabe na mbuya wawo. Kwasila, basi."

Ndinavomera, ndipo sindinazengereze n'komwe. Ndinadziuza kuti si bodza lenileni, popeza midziyo ndi yoyandikana, ndipo amene anayamba chinyengo si ine. Nditafika kunyumba ndinawakhazika amayi pakhonde n'kuwafotokozera. Anamvetsera atawerama, akupukuta manja pa chitenje. Ndinkayembekezera kuti akana. Iwo anangoti, "Ndidzanena, bambo a Dalitso. Koma mundiphunzitse bwinobwino, ndingakasokoneze." Dalitso ndi mwana wanga woyamba, ndipo chibadwire chake amayi sananditchulenso dzina langa.

Ndiye ndinayamba kuwaphunzitsa. Tsiku lililonse ndikaweruka, ine ndinkakhala loya wa mbali inayo, iwo mboni. Munachirira kuti? Kwa apongozi anga. Ndani anadula mchombo? Alamu anga aakazi. Nanga zimene munamuuza Mwape zija? Zinali nthabwala za chimbuya. Ankalakwitsa kawirikawiri. Pa funso la mchombo lija lilime linkawathawira kwa amayi awo, ndipo ine ndinkawakalipira ngati mwana wa sitandade wani. Ankapepesa n'kuyambiranso. Nthawi zina ndinkawamva akusesa panja, akubwereza okha mayankho aja chapansipansi.

Lamulungu lomaliza mlandu usanalowe linali la Mgonero kutchalitchi kwathu. Amayi anga anali mayi wa chigwirizano kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo sindinawaonepo akuphonya Mgonero, ngakhale sabata imene tinaika bambo. Tsiku limenelo anavala chitenje wamba, yunifolomu yawo anaisiya m'sutikesi, ndipo anakakhala kumbuyo kwenikweni. Mbale ya mkate itafika pa iwo, anaipatsira kwa mnzawo osatengapo. Chikho nachonso anachilola kudutsa. Amayi anzawo anayang'anana, chifukwa kwathu munthu wamkulu akakana Mgonero aliyense amadziwa kuti pali chimene chikumuvuta. Pobwerera ndinawafunsa ngati akudwala.

"Sindikudwala," anatero. "Sindingadye thupi la Ambuye lero, Lachiwiri n'kukagwira buku lawo ndi bodza m'kamwa. Ndikamaliza za inuzi ndidzapita kwa abusa, akandiike pa chilango. Inu musadere nkhawa, mayankho aja ndawagwira tsopano."

Inu owerenga, ine ndaona zinthu zambiri zoopsa pa ntchito yanga, koma palibe chinandipweteka ngati mawu amenewo. Sanandidzudzule, sanandidandaulire. Anali atawerengera kale mtengo wake wonse n'kuvomera kuulipira okha, kuti ine ndipite kusukulu. Manyazi anandigwira, kenako ukali unabwerera, koma tsopano unali ukali wina. Ndinadzifunsa kuti kodi mayi ameneyu analakwa chiyani kuti akabise amayi ake omwe pamaso pa anthu? Anaba? Anapha munthu? Anangopita kwawo kukachira, monga anachitira amayi awo ndi agogo awo.

M'mawa mwake ndinapita kwa loya n'kumuuza kuti amayi akanena zoona. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anandiuza mosabisa kuti ndikutaya malo aja ndi manja anga, ndipo ndisadzamunene iye. Ndinamuuza kuti akalimbane ndi zimene zilipo: bambo anga anali Mzambia, ndinakulira kuno, sindinagwirepo pepala lililonse la ku Malawi, ndipo boma limene likundikayikirali ndi lomwe linandiphunzitsa n'kundipatsa odwala ake. Amayi nditawauza, anandifunsa ngati ndaganiza bwino. Ndinati ndaganiza.

M'khoti munadzaza, chifukwa tauni yathu ndi yaing'ono ndipo nkhani ya madokotala awiri okanganira sukulu inali itawanda. Mwape anakhala mbali inayo ndi maloya a akuluakulu aja, atavala suti yomwe anavala pa maliro a bambo. Amayi analowa atavala yunifolomu yawo ya chigwirizano. Anagwira Baibulo, ndipo womasulira atawafunsa kumene ndinabadwira, anatchula mudzi wa amayi awo momveka bwino. Loya wa mbali inayo anawafunsa chifukwa chimene anachokera m'dziko lino kukabereka kudziko lina.

"Mwana woyamba amabadwira kwa amayi ako," anayankha. "Nanga akanandigwira msana ndani? Ine sindinapite kudziko lina, bambo. Ndinapita kwathu, ndipo ndinayenda wapansi ndi mimba."

Anthu ena kumbuyo anaseka. Loyayo, pofuna kuwasangalatsa, anafunsa ngati kwawoko analibe nzeru zoti malire ndi malire. Pamenepo ndinaimirira n'kumuuza kuti alankhule mwaulemu ndi amayi anga. Woweruza anandichenjeza kuti ndikabwerezanso anditulutsa. Ndinakhala pansi, koma sindinapepese, ndipo mpaka pano sindinapepese.

Chigamulo chinachedwa, maphunziro n'kuyamba, Mwape n'kupita ku Lusaka. Chitatuluka, woweruza anati nkhani ya unzika wanga iyenera kukonzedwa kaye ku ofesi yoona za unzika, ndipo akuluakulu osankha sanalakwe kupereka malowo kwa munthu amene analibe chomukayikitsa. Anayamikira amayi kuti ndi mboni yonena zoona. Loya wanga potuluka anangondigwira paphewa. Mkazi wanga anamasula katundu amene analongedza uja.

Za unzikazo zinanditengera zaka. Ndinkakwera basi kupita ku Lusaka, kukaima pamizere, kuuzidwa kuti ndibwere mwezi wamawa. Pomaliza ndinakweza dzanja n'kulumbira kuti ndikukana dziko limene ndinalichoka ndili kumbuyo kwa amayi, ndipo anandipatsa pepala lonena kuti ndine chimene ndinali kale. Ndinafunsiranso maphunziro aja, ndipo sananditenge. Ndinayesanso chaka china, chimodzimodzi. Palibe anandiuza chifukwa, koma inu mukudziwa mmene anthu amamuonera munthu amene anawakokera kukhoti. Mwape anamaliza, ndipo ndimamva kuti ndi katswiri wabwino ndithu. Sindimunenera zoipa pa ntchito yake. Ine ndinakhala dokotala wamba konkuno mpaka imvi, ndikusoka zimene ndingathe ndi kutumiza zazikulu kwa ena. Zimandiwawa, sindinama, makamaka wodwala akathera panjira ine ndikudziwa kuti manja angawa akanamupulumutsa.

Koma amene mukudikira kuti ndinene kuti ndinalakwa kusuma, kapena kuti ndinalakwa kuwaletsa amayi kunama, mudikira mpaka kalekale. Atati zibwerere, ndingasumenso, ndipo amayi ndingawaletsenso. Chimene ndimanong'oneza nacho bondo ndi chakuti ndinafika zaka makumi atatu ndikuseka nkhani imene ndikanayenera kuikonza ndili mnyamata. Inu achinyamata amene mukulimbirana malo ochepa a maphunziro, makamaka inu a m'midzi ya m'malire, khalani pansi ndi makolo anu akadali moyo, muwafunse bwinobwino kumene munabadwira, ndipo ngati pali chokhota mukachiwongole musanakhale ndi chinthu chimene wina angachisirire. Sekani ndi mbuya wanu, nyozanani, mwambowo ndi wabwino. Koma dziwani kuti amene mukuseka naye angathe tsiku lina kuima pambuyo panu pamzere umodzi, ndipo makutu ake sanatseke pamene munkaseka paja. Ndipo zikakuvutani, musakokere kholo lanu m'bodza kuti mupulumuke. Kholo limavomera, ndiye kuopsa kwake kumeneko.

Amayi anakhala nafe zaka zingapo mlandu utatha. Mgonero ankadya, yunifolomu ankavala, koma nkhani ya kubadwa kwanga, imene kale ankaikonda kwambiri, sanaifotokozerenso munthu aliyense. Ndinawauza kambirimbiri kuti iwo sanalakwe chilichonse, koma mawu anga sankalowa. Atadwala matenda awo omaliza, ndinawagoneka m'wodi yanga yomwe. Masana ena ndikuwaona kuthamanga kwa magazi, anandigwira dzanja, n'kunditchula dzina langa laubwana koyamba chibadwire cha Dalitso.

"Undikhululukire, mwana wanga," anatero. "Ndikanapirira, ndikanachirira kwa apongozi konkuja. Ndinkaopa, ndinali mwana."

Malo aja ndinawataya, ndipo ndinaphunzira kukhala popanda iwo. Mwape ndikhoza kumupatsa moni titakumana. Koma kuti amayi anga anapita kumanda akupepesa chifukwa chothawira kwa amayi awo pa mimba yoyamba, chimenecho sindinakhululuke, ndipo musandipemphe kuti ndikhululuke.